Kasupe wa m'phiri la Zomba ndi eni ake

Funsani mwana wa Sitandade 6 kuti akuuzeni kuchuluka kwa dzina lakuti *kamwana*, ayankha msangamsanga kuti *tiana*. *Kamtsinje*? *Timitsinje*. Kenako mupatseni *kasupe*. Ena amayamba aima kaye, milomo itakonzeka kale kunena *tisupe*, koma khutu limawakaniza. Palibe Mchewa, Mnyanja kapena Mmang'anja amene amanena *tisupe*. Tonse timati *akasupe*, ndipo amene anakulira m'tchalitchi mawuwa anawamva kambirimbiri powerenga Buku Lopatulika.

Agwirizanitsi nawonso amavomereza zomwezo. Timati kasupe *wathu*, kasupe *uyu*, kasupe *waphwa*, pomwe kamtsinje timati *kathu*, *aka*, *kaphwa*. Ndiye kuti *ka-* wa pa *kasupe* si uja wochepetsa wa gulu la Ka-, Ti-. Mukamuchotsa mutsala ndi *supe*, mawu amene kulibe m'Chichewa cha lero, ndipo mukafuna kuchepetsa kasupeyo muwonjezera *ka-* wina n'kunena *kakasupe*, monga timachitira ndi *kakalulu*. Pa malamulo a chiyankhulo amene tinaphunzira kusukulu, dzinali lili m'gulu la Mu-, A-, limodzi ndi *munthu*, *mwana* ndi *mlendo*. Akatswiri a ziyankhulo za Chibantu amaliika m'kagulu kamene Clement Doke anakafotokoza mu 1927 n'kukatcha 1a: mayina opanda *mu-* poyambira koma otenga agwirizanitsi a munthu, monga *tate*, *gogo* ndi *galu*.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amathamangira. Ndawerengapo zolemba zingapo za ophunzira zonena kuti popeza kasupe ali m'gulu la anthu, ndiye kuti makolo athu ankamuona ngati munthu. Ganizoli ndi lokoma, koma silingaime. M'kagulu komweko muli *kachasu*, *katundu*, *kabudula* ndi *fodya*. Tikati *kabudula wang'ambika* sitikutanthauza kuti kabudulayo ali ndi mzimu. Mayina ambiri oyamba ndi *ka-* amene *ka-* wawo anamatirira ku tsinde anangogwera m'kagulu kameneka, kaya ndi nyama, chakumwa kapena chovala. Gulu la dzina palokha silitiuza chimene anthu amakhulupirira. Ngati tikufuna kumva mmene Chichewa chimaonera madzi otuluka pansi, tiyenera kutchera khutu kwina: pa aneni amene amatsagana ndi dzinalo, ndi pa timawu ting'onoting'ono timene wolankhula amaika kapena kusiya.

Tiyambe tasiyanitsa kasupe ndi anansi ake, chifukwa m'tauni mawuwa ayamba kusakanikirana. *Chitsime* chimakumbidwa. Ndi ntchito ya manja, chili ndi amene anachikumba, ndipo mawuwa ali ndi abale m'ziyankhulo zambiri: *kisima* m'Chiswahili, *chisima* m'Chiyao, *icishima* m'Chibemba, *tsime* m'Chishona. Kasupe sakumbidwa, timangomupeza akutumphuka yekha. *Gwero* silinena za mtundu wa madzi koma za malo, poyambira pa mtsinje, n'chifukwa chake tingathenso kunena za gwero la mkangano. *Dziwe* ndi pamene madzi a mumtsinje amaima n'kuzama, *thamanda* ndi madzi amvula ongodikha amene amauma dzuwa likawala masiku angapo, *dambo* ndi chigwa cha udzu chonyowa, ndipo *khwawa* ndi njira ya madzi yotsika m'phiri, imene nthawi yachilimwe imatha kukhala youma gwa. Kumudzi, kasupe anthu akamupala n'kumuzinga ndi miyala kuti chidebe chizilowa bwino, amayamba kutchedwa chitsime. Madzi ndi omwewo, koma dzanja la munthu likafikapo dzina limasintha gulu, kuchoka pa *wa* kupita pa *cha*. Pamapu pathu mawuwa anasiyanso zizindikiro. Boma loyandikana nalo la Machinga linkatchedwa Kasupe, ndipo akasupe otentha a ku Nkhotakota amatchedwa Mawira, kuchokera ku mneni *kuwira*.

Madzi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa amachokera pamwamba pa phiri. Phirili n'lathyathyathya pamwamba, m'mbali mwake muli nsonga zingapo, ndipo yaitali koposa, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Pakati pake pali dambo limene limayamwa mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono chaka chonse. Kumeneko ndiye kugwero kwa mtsinje wa Mulunguzi. Umatsika kudzera pa mathithi a Williams ndi a Mandala, n'kulowa m'damu la Mulunguzi limene bungwe la Southern Region Water Board limatungamo madzi a mzindawu. Ukachoka pamenepo umagwa phiri, n'kudutsa m'munda wa zomera wa Botanic, n'kukathira mu Likangala, amene amakathera m'nyanja ya Chilwa. Ambiri akamva dzina lakuti Mulunguzi amamvamo *Mulungu*. Kufanana kwa mawu pakokha si umboni wa kumene dzina linachokera, koma kuti anthu amalimva choncho ndi nkhani yoyenera kuilemba payokha, chifukwa ikusonyeza chimene khutu la anthu limayembekezera kupeza pa mtsinje wochokera m'phiri.

Ndinakwera phirili mwezi wa Okutobala, nthawi imene timitsinje tambiri ta kumunsi timakhala titaphwa, ndili ndi mmodzi mwa anyamata amene amaperekeza alendo. Tinadutsa ogulitsa zipatso a m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe, tinatsata mtsinje chokwera, ndipo titapitirira mathithi tinasiya njira ya alendo. Mbali yaikulu ya ulendowu munthu amayenda m'mapaini kapena m'zitsa za mapaini odulidwa, pansi pali pouma, kukutentha. Kenako mumalowa m'kachigawo ka mitengo yachilengedwe kotsalira m'mbali mwa khwawa, ndipo mpweya umasintha nthawi yomweyo: kuzizira, fungo la masamba owola, ndere pamiyala. Kasupeyo ali pansi pa mwala, wobisika ndi zomera moti mungadutse osamuona. Si wamkulu. Beseni lochapira lingamuvundikire. Madzi ake amatuluka mwakachetechete, mchenga wa pansi ukungovinavina, ndipo ndi ozizira mpaka mano kuwawa.

Ndinatulutsa botolo kuti nditunge, ndipo mnzangayo sanakanize. Koma nditafunsa ngati anthu odula mitengo amasambapo, anayankha motere, ndipo ndinalemba pomwepo:

"Iyayi achimwene, apa sitisamba ndi sopo. Mphika wamwaye sufika pano. Nkhanu mukaiona musaiphe."

"Chifukwa?"

"Pali eni ake. Akuti pamakhala njoka yaikulu, akuluakulu amatero. Ine sindinaionepo. Akuti mukawaputa amasamuka, madzi n'kuthawa."

Taonani pamene pali *akuti* ndi pamene palibe. Njokayo yabwera ndi *akuti*, yatsatiridwa ndi *akuluakulu amatero*, ndipo yamangidwanso ndi *ine sindinaionepo*. Katatu konse wolankhulayo akudzipatula ku nkhaniyo. *Akuti* ndi mneni *kuti* chabe wokhala ndi mwininkhani wosatchulidwa, koma ntchito yake m'kulankhula kwathu ndi yaikulu: amauza womvera kuti izi ndangomva, musandigwire nazo pakamwa. Tili ndi *amati* wa zonenedwa kawirikawiri, *ankati* wa zakale zimene mwina zinasiyidwa, ndi *ati* wachidule, amene nthawi zina amanyamula kachipongwe. Malamulo atatu aja alibe chilichonse mwa izi. *Sitisamba*, *sufika*, *musaiphe*: awiri ali mu nthawi ya kawirikawiri, ngati mmene tinganenere kuti mbuzi sidya nyama, lachitatu ndi lamulo lachindunji. Ndipo *si-ti-samba* ali ndi *ti-*, kusonyeza kuti wolankhulayo wadziwerengera m'gulu la osunga mwambowo. Mnyamatayu ndi wa tchalitchi, anafika Fomu 4, foni ili m'thumba. Nthano waikayikira poyera, lamulo walisunga lonse.

Izi ndazimvanso kwina, ndipo ndikuona kuti ofufuza amene amalemba kuti "anthu a m'dera lakutilakuti amakhulupirira kuti pakasupe pali njoka" amataya chinthu chofunika pomasulira. Akachotsa *akuti*, amasandutsa munthu wochenjera kukhala wongomeza zilizonse. Akasiya kulemba kuti lamulolo linanenedwa popanda *akuti*, amabisa mbali imene ikugwiradi ntchito. Sopo, mwaye ndi mapazi a anthu ambiri zimawonongadi kadziwe kakang'ono kamene anthu amamwapo. Mitengo yozungulira malo oopedwa siidulidwa msanga, ndipo mizu ndi mthunzi wake ndi zimene zimasunga chinyezi.

Chiganizo chimene chaima pakati ndi *pali eni ake*. Chilibe *akuti*, komanso sichitchula kuti eniwo ndani. *Eni* ndi kuchuluka kwa *mwini*, koma m'Chichewa kuchuluka ndi ulemu zimavala malaya amodzi: *agogo abwera* angakhale munthu mmodzi kapena anthu asanu. Choncho *eni ake* angakhale njoka imodzi yolemekezedwa, mizimu ya makolo yambiri, kapena anthu akale amene ankathira nsembe pamenepo. Wolankhulayo sakakamizidwa kusankha, ndipo Msilamu wa kwa Malemia, Mkatolika wa ku Cathedral ndi gogo wosapemphera angathe kunena chiganizo chomwechi aliyense akuganiza zake.

Mawu akuti *mwini* nawonso ndi ofunika kuwaima nawo. Masiku ano timawamva kwambiri pa katundu: mwini galimoto, mwini golosale, munthu amene angathe kugulitsa chinthu chake. Koma taganizani za *mwini mbumba*, malume amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Sangagulitse mbumbayo, udindo wake ndi kuisamala, kuiyankhulira pamilandu, ndi kufunsidwa kanthu kasanachitike. *Mwini mudzi*, *mwini maliro*, *mwini mzinda* wa gule, onsewa ndi anthu oyenera kuwapempha chilolezo. Umwini wa pakasupe ndi wa mtundu umenewu. Kunena kuti malo ali ndi eni ake ndi kunena kuti iwe ndiwe mlendo, ugogode. Maganizo omwewa akuoneka pa Dziwe la Nkhalamba m'mphepete mwa phiri la Mulanje, pomwe kamawu kakuti *la* kakupereka dziwelo kwa wina, ndiponso ku Msinja ku Lilongwe, kumene kachisi wa Makewana anali ndi dziwe lake lopatulika lotchedwa Malawi ndi njoka yake, Thunga.

Aneni aja, *kusamuka* ndi *kuthawa*, ndi amene akutifikitsa pa dzina limene munthu aliyense wa ku Zomba amalidziwa. Mu Disembala 1946 kunagwa mvula yoopsa paphirili, mbali zina za phiri zinagumuka, matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'makwawa n'kukokolola milatho ndi nyumba za m'tauni imene panthawiyo inali likulu la dziko, ndipo anthu anafa. Anthu sanati madzi asefukira. Anati *Napolo wadutsa*. Napolo, monga amanenera, ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka n'kutenga chilichonse chili panjira yake. Dzinali linamvekanso mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe n'kuwononganso midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, anatenga dzinali kukhala mutu wa buku lake la ndakatulo la mu 1987.

Pano gulu la dzina ndi aneni zikukokera mbali imodzi. *Napolo* ali ndi *na-* amene timamupeza m'mayina a mfunda monga Naphiri ndi Nabanda, m'mayina a tizilombo monga *nalimata* ndi *nadzikambe*, komanso mu *namondwe*. Koma chimene chikumupatsa moyo ndi zochita zake: amatuluka, amadutsa, amasamuka, amakwiya. Ndipo ndikufuna kutsutsa amene amati mawuwa ndi zikhulupiriro chabe zoyenera kulowedwa m'malo ndi mawu a sayansi. *Napolo* akutchula chinthu chimene *kusefukira kwa madzi* sikutchula. Shire akasefukira ku Nsanje, madzi amakwera pang'onopang'ono n'kufalikira m'chigwa. Munthu amawaona akubwera. Za m'phiri n'zosiyana. Phiri la Zomba ndi mwala wolimba, wambiri mwa iwo wa mtundu wa syenite, wokutidwa ndi dothi losazama pamalo otsetsereka. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothilo limakhuta madzi, limalemera, n'kutsetsereka pamwamba pa mwalawo nthawi imodzi. Likalowa m'khwawa limasakanikirana ndi madzi n'kukhala phala lokhoza kunyamula miyala yaikulu ngati nyumba, likuthamanga ndi mkokomo womveka kutali. Likadutsa limasiya chipsera chachitali chokhotakhota pambali pa phiri. Amene anaona chipsera chotero sangafunse chifukwa chake anthu anaganiza za njoka. Mawu amodzi akunyamula zonsezi: kumene zimachokera, liwiro lake, phokoso lake, ndi njira yake. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo amene Napolo anadutsapo kale ndi amene adzadutsenso.

Anthu a ku Japan, dziko la mapiri otsetsereka ndi mvula yambiri, anafika pa mawu ofanana modabwitsa, popanda kubwerekana nafe. M'nthano zawo, dziwe lakuya, thawale kapena kasupe wakale amakhala ndi *nushi*, mawu amene tanthauzo lake ndi mwini. Nushi amakhala njoka yaikulu, nsomba yokalamba kapena chinjoka cha m'nthano, ndipo nkhani zambiri zimasimba kuti akaputidwa, mwachitsanzo poponyeredwa chitsulo m'madzi, amabweretsa mvula yamkuntho kapena kuchoka pamalopo. Yanagita Kunio, amene anayambitsa maphunziro a nthano za anthu wamba m'dzikolo, anasindikiza nkhani za m'dera la Tōno mu 1910, ndipo zina mwa izo ndi za zamoyo za m'maiwe a mitsinje. Koma mawu oyandikira kwambiri kwa ife ndi *januke*, a m'chigwa cha Kiso m'chigawo cha Nagano. *Ja* ndi njoka yaikulu, *nuke* ndi kutuluka kapena kupulumuka pamalo. Akatero akunena matope ndi miyala zotsika m'khwawa, ndendende Napolo wathu. M'tauni ya Nagiso, ngozi yotere itapha anthu mu 1953, anaimika chikumbutso chimene analembapo zizindikiro zimene akuluakulu a kumeneko ankazidziwa, monga madzi a m'khwawa kuleka mwadzidzidzi mvula itagwa nthawi yaitali, ndi fungo lachilendo lofika matope asanafike. Chizindikiro choyambacho chili ndi chifukwa chomveka: madzi akaleka ndiye kuti kumtunda kwagumuka dothi limene latseka khwawa, ndipo chotsekacho chikaphulika zonse zitsika pamodzi. Mu 2014 januke anadutsanso m'tauni yomweyo.

Chimene ndikusirira pa nkhani ya ku Nagiso ndi chakuti sanataye mawu akalewo pofuna kuoneka ophunzira. Anawalemba pamwala pamodzi ndi nzeru zimene ankanyamula. Kwathu kuno zizindikiro za Napolo zili m'kamwa mwa okalamba a m'midzi ya m'tsinde mwa Zomba, Malosa, Michesi ndi Mulanje, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilhomwe. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies, omwe ali mu Zomba momwemo, anatulutsa ungatipatse tanthauzo la dzina, koma buku lotanthauzira mawu silinapangidwire kusunga ziganizo zonse zimene dzinalo limayendamo. Imeneyo ndi ntchito ya wophunzira amene ali ndi foni yojambulira mawu ndi masiku awiri opuma. Mukapita, pemphani chilolezo, jambulani chiganizo chathunthu, ndipo polemba musadule *akuti*, *paja*, *eti* kapena *kaya*. Lembani amene wanena *ti-* ndi amene wanena *a-*: pali kusiyana pakati pa *sitidula mitengo apa* ndi *sadula mitengo apa*, ndipo pali kusiyana kwina koopsa pakati pa ziwirizi ndi *sankadula*. Mukayamba kumva *-nka-* pa malamulo a pakasupe, kayang'aneni mitengo yomuzungulira.

Kumunsi, ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi, mwana amene madzi amawadziwira pampopi sangakhale ndi chifukwa chonenera *kasupe* kunja kwa kalasi ndi tchalitchi. Komabe aneni aja anatsika naye phiri. Mpopi ukauma, mayi amauza mwana kuti *madzi athawa* kapena *apita*, ndipo usiku akamva kukhosomola kwa paipi amadzutsa nyumba yonse kuti *abwera, tengani zidebe*. Ngakhale *eni ake* alipo. Mwana akamaseweretsa mita ya madzi pabwalo, amamukalipira kuti asiye, eni ake akabwera aona, ndipo apa akunena antchito a Water Board. Pa chiganizo chimenechi sindinamvepo wina akuikapo *akuti*.